Miliri ndi Zomangamanga m'Mbiri ya Zambia: Kucokera ku Fuluwenza ya 1918 Kufika ku Covid-19

Mau Oyamba

Pa 18 Malichi 2020 Unduna wa Zaumoyo unalengeza kuti anthu awiri amene anali atangobwera kucokera ku France apezeka ndi kacirombo ka Covid-19. Awa ndiwo anali oyamba m'dziko la Zambia. Patapita miyezi isanu ndi itatu, pa 13 Novembala, boma linalephera kulipira ciongoladzanja ca madola 42.5 miliyoni pa nkhongole imene linatenga m'misika ya ndalama ya kunja, ndipo Zambia inakhala dziko loyamba mu Africa kugwa m'nkhongole m'nthawi ya mliriwo. Olemba za cuma ambiri amaika masiku awiriwa pafupi ndi pafupi ngati kuti loyamba ndilo linabala laciwiri. M'nkhani ino tifuna kuunika ganizo limeneli poyang'ana nchito imodzi yokha, ya zomangamanga, popeza gawo lalikulu la ndalama zokongolazo linalowa m'miseu, m'milatho, m'mabwalo a ndeke ndi m'malo opangira magetsi.

Kuti nyumba, mseu kapena mlatho uimirire pamafunika manja a anthu, njira imene zipangizo zidzere, ndi ndalama zolipirira zonsezi mwezi ndi mwezi kufikira nchito itatha. Mliri ungathe kugwira ciri conse mwa zimenezi, ndipo mbiri ya dziko lino iri ndi zitsanzo zake. Ganizo limene tidzaliteteza ndi lakuti miliri yakale inkaimitsa nchito pomwaza anchito, pomwe Covid-19 inasiya anchito ambiri ali amoyo ndi ofuna nchito, nitseka njira ndi kuumitsa thumba limene linali litabooka kale. Kusiyana kumeneku sikungaoneke bwino tikapanda kubwerera m'mbuyo pang'ono.

Miliri Imene Inamwaza Anchito

Fuluwenza ya 1918 inafika kumwera kwa Africa pa zombo. M'mwezi wa Seputembala caka cimeneco zombo ziwiri zobweza anthu amene anakagwira nchito ku nkhondo ya ku Ulaya zinaima pa Cape Town zitadzera ku Freetown, kumene nthendayo inali itabuka kale. Anthuwo anakwezedwa sitima kupita kwao, ndipo m'masabata asanu ndi limodzi okha South Africa inataya anthu pafupifupi 300,000. Njanji imene inamangidwa kuti inyamule miyala ya m'migodi ndiyo inanyamulanso nthenda. Njanjiyo inali itaoloka Zambezi pa mlatho wa pa Victoria Falls mu 1905, nifika ku Broken Hill, Kabwe wa lero, mu 1906, ndi kumalire a Congo mu 1909. Fuluwenza inatsata njira yomweyo kudzera ku Bulawayo. Kumpoto nkhondo inali kutha. Gulu la asilikali a Germany lotsogozedwa ndi von Lettow-Vorbeck linagonja ku Abercorn, Mbala wa lero, pa 25 Novembala, ndipo amtengatenga zikwizikwi amene anamasulidwa anabwerera kumidzi yao panthawi imene nthenda inali kuwanda.

M'migodi ya ku Southern Rhodesia, kumene amuna ambiri a ku Fort Jameson ndi ku Nyasaland ankagwira nchito, anthu ankagona mothinana m'makomboni, akudya mosakwanira. Imfa itayamba kulowa khomo ndi khomo otsala anathawa, ena nafera m'njira, ndipo migodi ina inaima kwa masabata. Apa mpofunika kukumbukira mmene nchito inkagwiridwira masiku amenewo. Kukumba, kusenza dothi, kuumba njerwa ndi kuyala njanji zonse zinkadalira piki, fosholo ndi mutu wa munthu. Kapitao akaitana maina m'mawa napeza theka la gulu palibe, nchito ya tsikulo inali itatheratu, pakuti makina oti alowe m'malo mwa othawawo kunalibe.

Citsanzo comveka bwino koposa ca m'dziko lino sicicokera ku mliri wa dziko lonse lapansi, koma ticichula cifukwa cimaonetsa poyera zimene matenda amacita pa nchito yomanga yodalira manja. Pamene mgodi wa Roan Antelope unali kumangidwa ku Luanshya cakumapeto kwa zaka za m'ma 1920, malungo, kamwazi ndi matenda ena a m'mimba anapha anthu oculuka kotero kuti mbiri inawanda yakuti mumtsinje wa Luanshya muli cinjoka cimene cikudya anchito. Olemba anthu nchito ankabwera ndi magulu atsopano, maguluwo nkumathawa. Kampani inafika poitana J. E. Stephenson, wodziwika ndi dzina lakuti Chirupula, kuti akonze mwambo wopepesa mizimu pamodzi ndi akuluakulu a Alamba. Cimene cinathetsadi vutolo ndi nchito yomanga ya mtundu wina. Potsatira uphungu wa Sir Malcolm Watson wa ku Ross Institute ku London, madambo anaphwetsedwa, mtsinje unalambulidwa, ndipo madzi akumwa ndi zimbudzi zinakonzedwa. M'zaka zocepa imfa za malungo zinatsika kwambiri, anchito anakhazikika, mgodi nuyamba kutulutsa mkuwa mu 1931. Eni mgodi sanacite izi cifukwa ca cifundo. Ndalama zomangira anali nazo. Cimene cinkasowa ndi munthu wokhala pa nchito kufikira mwezi utatha.

Edzi, imene inadziwika m'dziko lino mu 1984, inagwiranso manja, koma mwakacetecete. Siinatseke malo a nchito monga fuluwenza. Inkacotsa mmisiri mwezi uno, woyendetsa makina mwezi wamawa, injiniya caka camawa, anthu a zaka zapakati amene anatenga nthawi yaitali kuphunzira luso lao. Kafukufuku wa boma wa 2001 ndi 2002 anapeza kuti pafupifupi 16 peresenti ya anthu a zaka 15 mpaka 49 anali ndi kacirombo ka HIV. Misasa ya omanga miseu, kumene amuna amakhala miyezi kutali ndi mabanja ali ndi ndalama m'thumba, inadziwika monga malo ofalitsira nthendayo, ndipo ndico cifukwa cake mapangano a nchito zikuluzikulu zolipiridwa ndi mabungwe akunja anayamba kukhala ndi mfundo yokakamiza kontalakita kuphunzitsa anchito ake za Edzi.

Zomangamanga Mliri Usanafike

Mu 2005 Zambia inakwaniritsa zofunika pa ndondomeko yokhululukira nkhongole maiko osauka, ndipo pofika 2006 nkhongole yakunja, imene inali pafupifupi madola 7 biliyoni, inatsala yosafika biliyoni imodzi. Mtengo wa mkuwa unali wokwera. Boma la Michael Sata, limene linalowa mu 2011, linaona kuti nthawi yomanga yakwana. Mu 2012 linakhazikitsa ndondomeko ya Link Zambia 8000, ya miseu ya makilomita 8,000, ndipo caka comweco linakongola madola 750 miliyoni pogulitsa Eurobond yoyamba. Yaciwiri, ya madola 1 biliyoni, inatsatira mu 2014, ndipo yacitatu, ya madola 1.25 biliyoni, mu 2015. Pambali pa izi panali nkhongole za mabanki a ku China, zimene kawirikawiri zinkabwera pamodzi ndi kampani yomanga ya komweko. Maboma atsopano monga Vubwi, Sinda ndi Rufunsa anakhazikitsidwa, ciwerengero ca maboma nicikwera kucoka pa 72 mu 2010 kufika pa 116 mu 2018, ndipo boma latsopano liri lonse linafuna ofesi ya DC, polisi, positi, cipatala ndi nyumba za anchito.

M'zaka zimenezo zomangamanga zinafika pafupifupi pa gawo limodzi mwa magawo khumi a cuma conse ca dziko. Koma nchitoyo inali yogawika moipa. Makampani akunja ocepa ndiwo ankapata nchito za ndalama zambiri, pomwe makontalakita a m'dziko, amene ndiwo oculuka m'kaundula wa National Council for Construction, ankalimbirana zotsala. Mfundo ya boma yakuti 20 peresenti ya nchito ya mseu uli wonse izipatsidwa kwa makontalakita a m'dziko inawathandiza kulowa, koma inawaika kumapeto kwa mzere wa malipiro. Boma likacedwa kulipira kampani yaikulu, iyo imacedwa kulipira wamng'ono, ndipo wamng'onoyo, amene anakongola kubanki pa ciongoladzanja coposa 20 peresenti, ndiye amagulitsa galimoto.

Kucedwa kumeneku kunayamba dzina la Covid-19 lisanamveke. Mu 2018 Unduna wa Zacuma unalengeza kuti ndalama ziziperekedwa coyamba ku nchito zimene zafika pa 80 peresenti, zotsalazo ziyembekeze. Mu Malichi 2019 kampani ya Daewoo inaimitsa nchito pa mlatho wa Kazungula cifukwa ca malipiro amene mbali ya Zambia inali isanapereke. Caka comweco nchito inaimanso kwa nthawi pa Kafue Gorge Lower pa nkhani ya ndalama. Cilala ca 2018 mpaka 2019 cinatsitsa madzi m'nyanja ya Kariba, magetsi ankazima maola oposa khumi ndi awiri pa tsiku, ndipo owocherera mafelemu a zitseko ku Kalingalinga ankadzuka pakati pa usiku kuti agwire nchito pamene magetsi abwera. Cuma cinakula ndi 1.4 peresenti yokha mu 2019, zomangamanga zitayamba kale kutsika. Wodwala amene mliri unampeza ndi ameneyu.

Njira Zitsekeka

Zambia siinatseke dziko lonse monga anacitira anansi ake a kumwera. Masukulu anatsekedwa pa 20 Malichi 2020. Patapita masiku ocepa Pulezidenti Edgar Lungu analamula kuti mabala, malo ovinira ndi ocitira masewera olimbitsa thupi atsekedwe, misonkhano isapitirire anthu 50, ndipo ndeke zocokera kunja zizitera ku Lusaka kokha. Tauni ya Kafue inatsekedwa kwa tsiku limodzi mu Epulo kuti anthu apimidwe. Koma panalibe lamulo loletsa kumanga. Anthu amene amadya zimene apeza tsiku lomwelo sangakhale m'nyumba, ndipo dziko lopanda doko silingatseke malire ake onse. Pamalo omanga panaikidwa zidebe za madzi ndi sopo, anchito anavala zophimba pakamwa, daka napitiriza kukandidwa.

Vuto linacokera kunja. Caka catsopano ca ku China cinagwa pa 25 Januwale 2020, ndipo akatswiri ambiri a makampani a kumeneko anali atapita kwao ku chuthi. Mzinda wa Wuhan unatsekedwa pa 23 Januwale; maulendo a ndeke anacepa, kenako ambiri anaimiratu. Amene anapita sanathe kubwera msanga, ndipo amene anabwera anayamba akhala kwaokha masiku 14. Pa nchito ya mseu kusowa kwa anthu khumi sikuimitsa zinthu. Koma pa nchito monga ya Kafue Gorge Lower, kumene kunali kuika makina asanu opukusa magetsi a megawati 150 ali onse, munthu mmodzi wodziwa kulumikiza ndi kuyesa makinawo akakhala kutsidya la nyanja, anthu mazana amadikira. Apa mliri unagwiradi manja, koma manja owerengeka, ndipo unawagwira powatsekera panja.

Pa 27 Malichi South Africa inatseka dziko, ndipo mafakitale ambiri anaima kwa masabata asanu. Zambia imapanga simenti yakeyake ku Chilanga, ku Ndola, ku Masaiti ndi ku Chongwe, ndipo ku Kafue kuli fakitale ya zitsulo. Koma phula la miseu, magalasi, zamagetsi, maloko ndi zida za makina zambiri zimacokera ku South Africa kapena zimadzera pa madoko a Durban, Dar es Salaam, Beira ndi Walvis Bay. Ng'anjo zosungunulira citsulo ku South Africa zinazimitsidwa, ndipo ng'anjo yotere siiyatsidwa ngati mbaula. Kusowa kwa citsulo kunapitirira kufikira mu 2021, caka cimene mtengo wonyamulira katundu pa zombo unakweranso kangapo konse. Pamalire oyendetsa malole ankayembekeza masiku kuti apimidwe ndi kulandira zotsatira. Pa 11 Meyi 2020 malire a Nakonde anatsekedwa kwa masiku angapo, odwala atapezeka oculuka m'tauniyo, ndipo njira ya ku Dar es Salaam inaima. Ku Kazungula malole ankandandalika kudikira pantoni, m'mbali mwa mlatho umene unali pafupi kutha koma wosatsegulidwa.

Mapangano a zomangamanga ali ndi mfundo imene azamalamulo amaicha force majeure, yonena za tsoka limene palibe mbali imene ikanalipewa. Kawirikawiri mfundoyi imapatsa kontalakita nthawi yoonjezera, koma siimbwezera ndalama zonse zimene waononga podikira. Alonda ayenera kulipidwa, makina obwereka akuwerengedwa masiku, banki nayo ikuwerenga ciongoladzanja. Kampani yaikulu yokhala ndi boma la kwao kumbuyo ingapirire miyezi isanu ndi umodzi yotere. Kontalakita wa ku Chipata wokhala ndi lole imodzi ndi makina amodzi osakanizira konkire sangathe.

Kwacha, Simenti ndi Dakaboyi

Mu Malichi 2020 mtengo wa mkuwa pamsika wa ku London unagwa kufika pansi pa madola 5,000 pa tani. Mu Epulo kampani ya Glencore inalengeza kuti ifuna kuimitsa migodi ya Mopani ku Kitwe ndi ku Mufulira, ndipo mkangano ndi boma umene unatsatira unathera pakuti ZCCM-IH itenge migodiyo mu 2021. Alendo odzaona mathithi a Mosi-oa-Tunya analeka kubwera, ndipo mahotela a ku Livingstone, amene caka ndi caka amalemba amisiri ofolera, openta ndi okonza mapaipi, analibe cifukwa cokonzera zipinda zopanda ogonamo. Madola olowa m'dziko atacepa, Kwacha inagwa. Pa ciyambi ca 2020 dola imodzi inali pafupifupi K14. Pakutha kwa caka inali itafika pa K21. Nkhongole yakunja, imene inali itapitirira madola 12 biliyoni, imabwezedwa m'madola, pomwe misonkho yambiri imasonkhedwa m'makwacha. Conco ngakhale boma likanapanda kukongola ngwee imodzi yoonjezera, katundu wa nkhongoleyo akanakulabe ndi theka m'miyezi khumi ndi iwiri. Umu ndimo mliri unafikira pa tsiku la 13 Novembala. Nkhongoleyo inalipo kale; mliri unafupikitsa nthawi imene boma linkaganiza kuti likali nayo.

Boma linayesa zimene likanatha. Cakumapeto kwa Malichi nduna ya zacuma, Bwalya Ng'andu, inalengeza kuti K2.5 biliyoni iperekedwa kuti icepetse nkhongole za boma kwa ogulitsa katundu ndi kwa opuma pa nchito, ndiponso K140 miliyoni kwa makontalakita a m'dziko omanga miseu. Bank of Zambia inatsegula thumba la K10 biliyoni lobwereketsa kudzera m'mabanki, nitsitsa ciongoladzanja cake kucoka pa 11.5 peresenti kufika pa 8 peresenti pofika Ogasiti. Koma K140 miliyoni inali dontho poyerekeza ndi mabiliyoni amene makontalakita ankadikira, ndipo banki siithamangira kubwereketsa munthu amene cikole cake ndi cikalata cosonyeza kuti boma lidzamlipira tsiku lina. Cuma ca dziko cinatsika ndi 2.8 peresenti mu 2020, kutsika koyamba kuyambira 1998.

Nkhani ya simenti iyenera kuunikidwa payokha. Simenti imapangidwa m'dziko muno, ndi miyala ya laimu ya m'dziko muno, ndipo mafakitale anali ndi mphamvu yopanga yoposa imene msika wa m'dziko unkafuna. Pamene nchito zomanga zikucepa munthu akanayembekeza kuti mtengo utsike, koma unakwera kwambiri. Nzoona kuti zida za makina ndi nkhongole za mafakitalewo zimalipidwa m'madola. Komabe mu 2021 bungwe la boma loona za mpikisano pa malonda, Competition and Consumer Protection Commission, linagamula kuti makampani atatu anapangana mitengo. Awiri linawalipitsa 10 peresenti ya ndalama zimene anapeza pa caka, lacitatu nilikhululukidwa cifukwa linathandiza pa kafukufuku, ndipo bungwelo linalamula kuti mtengo ubwerere pakati pa madola 4.50 ndi madola 5 pa thumba la makilogalamu 50. Wolemba mbiri ya nthawi ya mliri ayenera kusamala, pakuti kukwera kwina kwa mitengo kunangobisala kumbuyo kwa mliriwo.

Nyumba zambiri za m'matauni a Zambia sizimangidwa ndi makampani. Mphunzitsi, namwino kapena msilikali amagula puloti, naumbitsa mabuloko mwezi uno, nathira silabu caka camawa, nakweza khoma kufika pa windo pamene watenga nkhongole yodulidwa pa malipiro. Kumanga kotere kungatenge zaka zisanu kapena khumi, ndipo kumadalira kandalama kotsala pambuyo pa ufa, lendi ndi sukulu. Kukwera kwa mitengo ya zinthu kunafika pa 19.2 peresenti mu Disembala 2020 ndi kupitirira 24 peresenti pakati pa 2021, malipiro osathamanga liwiro lomwelo. Kandalama kotsala kaja ndiko kanayamba kutha. Munthu sasiya kudya kuti agule malata, conco khoma ndilo linayembekeza.

Mau amene timamva pamalo omanga amasunga mbiri ya anthu ogwira nchitoyo. Kapitao tinamtenga kwa Apwitikizi a m'cigwa ca Zambezi. Daka anabwera ndi obwerera ku migodi ya kumwera, kucokera ku liu la Cizulu lakuti udaka kudzera m'Cilapalapa, cimene kuno ena ankaciti Cikabanga. Dakaboyi, wokanda daka ndi kupatsira mmisiri njerwa, ndi liu la theka Cizulu theka Cingerezi, ndipo likali ndi fungo la utsamunda, popeza mwamuna wa zaka makumi anai akali kuitanidwa kuti boyi. Dakaboyi alibe kalata ya nchito. Amalembedwa m'mawa pa geti, nalipidwa madzulo kapena Loweruka. Dzina lake kawirikawiri mulibe m'mabuku a NAPSA, ndipo nchito ikaima palibe amene amamcotsa, cifukwa sanalembedwe nkomwe. Amangouzidwa kuti mawa asabwere. Cimodzimodzi amai ophwanya miyala ndi nyundo m'mbali mwa miseu ya Lusaka, amene amagulitsa pa wilibala, anyamata okumba mcenga, ogulitsa matabwa pa msika wa Buseko, ndi amai ophika nsima pa geti la malo omanga. Ziwerengero za boma zimaona kampani ikatseka, koma mulu wa miyala umene wakhala masabata atatu osagulidwa sulowa m'buku liri lonse. Thandizo lamwadzidzidzi limene boma ndi mabungwe akunja anakonza, la K400 pa mwezi kwa miyezi isanu ndi umodzi, linali la mabanja owerengeka m'maboma osankhidwa.

Sitikunena kuti Covid-19 siinaphe. Ziwerengero za boma zimaika imfa pa anthu opitirira pang'ono 4,000, koma kafukufuku amene anacitika m'nyumba yosungiramo mitembo ya University Teaching Hospital pakati pa Juni ndi Seputembala 2020 anapeza kacirombo m'mitembo 70 mwa 364 imene inapimidwa, ndipo ambiri mwa anthuwo anafera kunyumba osapimidwa. Funde lacitatu la Juni ndi Julayi 2021 linadzaza zipatala ndi manda. Komabe nthendayi inkapha makamaka okalamba ndi odwala kale, pomwe onyamula mabuloko ambiri ndi acinyamata ogwira nchito pabwalo, pamphepo. Fuluwenza ya 1918 inasankha anthu a zaka 20 mpaka 40, msinkhu weniweni wa piki ndi fosholo. Kapitao wa 2020 poitana maina ankapeza gulu lonse liripo, ndi ena oonjezera ataima kunja kwa waya.

Zimene Zinatha ndi Zimene Zinatsala

Cimene cimadabwitsa wowerenga mbiri ya zaka ziwirizi ndi cakuti nchito zikuluzikulu zinatsegulidwa mliri uli mkati. Mlatho wa Kazungula, wa mamita 923, wopindika kuti upewe malire a Zimbabwe ndi Namibia, unatsegulidwa pa 10 Meyi 2021. Makina oyamba a Kafue Gorge Lower anayatsidwa mu Julayi. Bwalo la ndeke latsopano la Simon Mwansa Kapwepwe ku Ndola ndi nyumba yatsopano ya pa bwalo la Kenneth Kaunda ku Lusaka zinatsegulidwa m'masiku oyamba a Ogasiti, cisankho ca pa 12 Ogasiti ciri pakhomo. Zonsezi zinacedwa, zina ndi caka kapena kuposerapo, koma zinafika potsegulidwa, cifukwa ndalama zoculuka zinali zitalowamo kale ndipo andale ankafuna kudula riboni anthu asanaponye voti. Mabwalo a ndeke awiriwo, a madola oposa 750 miliyoni pamodzi, analandira alendo ao oyamba panthawi imene maulendo a ndeke anali akali ocepa pa dziko lonse lapansi. Kafue Gorge Lower inadikira kufikira Malichi 2023 kuti makina onse asanu ayambe kugwira nchito.

Zimene zinatsala ndi zimene zinkadalira thumba la boma mwacindunji: maofesi a m'maboma atsopano, masukulu a sekondale ogonera komweko, nyumba zogona ophunzira a m'mayunivesite, ndi miseu imene inapalidwa koma osathiridwa phula. Nyumba yosiyidwa yopanda denga siikhala monga anaisiyira. Mvula ya nyengo ziwiri imalowa m'makoma, zitsulo zoonekera zimacita dzimbiri, mafelemu amabedwa, ndipo kontalakita wobwera pambuyo amayamba ndi kugwetsa.

Mkuwa unadzuka msanga kuposa mmene ambiri anayembekezera, ndipo mu Meyi 2021 unapitirira madola 10,000 pa tani. Cuma cinakulanso caka comweco. Koma kumanga kolipiridwa ndi nkhongole sikunabwerere mwakale, pakuti dziko limene lalephera kulipira silipeza wolibwereka. Mu Febuluwale 2021 Zambia inapempha kuti nkhongole zake zikonzedwenso pansi pa ndondomeko ya maiko a G20. Boma la Hakainde Hichilema linalandira cilolezo ca thandizo la madola 1.3 biliyoni kucokera ku IMF mu Ogasiti 2022, ndipo caka comweco linafafaniza nkhongole za madola pafupifupi 2 biliyoni zimene zinali zitasainidwa koma zisanatapidwe. Pamodzi ndi nkhongolezo panapita nchito zomanga zimene zikanalipiridwa nazo. Mgwirizano ndi maiko obwereketsa, wa madola 6.3 biliyoni, unapezeka mu Juni 2023, ndipo wa eni Eurobond mu 2024, patapita zaka zoposa zitatu cilepherereni kulipira.

Njira zopezera ndalama zomangira zinasintha. Pangano la 2017 lokuza mseu wa Lusaka ndi Ndola pa mtengo wa madola 1.2 biliyoni linathetsedwa, ndipo mu 2023 linasainidwa lina la pafupifupi theka la mtengowo, ndi gulu la makampani lobweza ndalama zake potolera msonkho wa pa mageti a mseu kwa zaka zoposa makumi awiri. Gawo lina la ndalama zomangira linabwerekedwa ku NAPSA, ndiko kuti ku penshoni ya anchito a m'dziko lino, m'thumba momwe muja dakaboyi alibe dzina. Kumbali ina, m'ndondomeko ya zacuma ya 2022 ndalama za citukuko zoperekedwa ku dera la phungu liri lonse, CDF, zinakwezedwa kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni, ndipo makontalakita a m'dera lomwelo ndiwo anayenera kuganiziridwa coyamba. Nchito zotuluka m'thumba limeneli zinali zazing'ono: buloko ya makalasi atatu, cipinda ca amai oyembekezera, mjigo, kamlatho ka pa mtsinje wa kumudzi, madesiki. Kontalakita wa lole imodzi amene anapulumuka zaka za 2019 mpaka 2021 anakaima pa mzere ku ofesi ya khansolo, kumene nchito zimenezi zinkagawidwa.